Mafayilo a IES

Fayilo ya IES ndi fayilo ya pakompyuta imene imasunga miyezo ya momwe nyale inayake ya magetsi imaponyera kuwala kwake mbali zosiyanasiyana. Dzina la fayilo yotere limathera ndi zilembo .ies. Akatswiri ojambula mapulani a nyumba, mainjiniya a zowunikira ndi anthu opanga zithunzi za 3D amaigwiritsa ntchito pofuna kuona momwe chipinda, khoma kapena msewu udzaonekere magetsi akayatsidwa, ntchito yomanga isanayambe. Chithunzi chimene kompyuta imapanga mwanjira imeneyi chimatchedwa render.

Nyale ziwiri zodya magetsi ofanana siziwala mofanana. Ina imaunjika kuwala pamalo amodzi, ina imakumwaza chipinda chonse, ina imakuponyera kukhoma kokha. Nyale wamba ya mu pulogalamu ya 3D siidziwa kusiyana kumeneku chifukwa imangowala mofanana mbali zonse kapena mwa ngodya imodzi yosalala. Fayilo ya IES ikaikidwa pa nyale yoteroyo, imayamba kuwala ngati nyale yeniyeni imene inayezedwa mu labotale. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa mwini nyumba amavomereza pulani ndi kutulutsa ndalama potengera chithunzi chimene waonetsedwa. Ngati fayilo yosankhidwa si ya nyale imene idzagulidwe, nyumba yomangidwayo idzasiyana ndi chithunzicho, ndipo kusintha nyale siling'i itabooledwa kale kumadya ndalama zambiri.

Mbiri

Dzina lakuti IES likuchokera ku Illuminating Engineering Society, bungwe la akatswiri a zowunikira limene linakhazikitsidwa mu 1906 mumzinda wa New York ku America. Kwa zaka zambiri bungweli linkadziwikanso ndi chidule chakuti IESNA. Makompyuta asanafale, makampani opanga nyale ankasindikiza miyezo ya nyale zawo m'mabuku otsatsira malonda, ndipo mainjiniya ankawerengetsera pamanja. Mapulogalamu owerengetsera kuwala atayamba kupezeka, panafunika njira imodzi yolembera miyezoyo kuti fayilo ya kampani iliyonse izitseguka mu pulogalamu iliyonse.

Mu 1986 bungweli linatulutsa chikalata chotchedwa LM-63 chimene chimafotokoza kalembedwe ka fayiloyi. Chikalatachi chinakonzedwanso mu 1991, 1995, 2002 ndi 2019. Mzere woyamba wa fayilo ndi umene umasonyeza chaka cha kalembedwe kake, mwachitsanzo IESNA91, IESNA:LM-63-1995 kapena IESNA:LM-63-2002. Mafayilo a kalembedwe ka 1986 alibe mzere umenewu.

Poyamba mafayilowa anali a mainjiniya owerengetsera kuwala okha. Pambuyo pake mapulogalamu opangira zithunzi nawonso anayamba kuwawerenga. Pulogalamu ya Radiance, imene Greg Ward anailemba ku Lawrence Berkeley Laboratory ku California, ili ndi kachida kotchedwa ies2rad kosinthira fayilo ya IES kuti igwire ntchito m'menemo. Masiku ano pafupifupi mapulogalamu onse akuluakulu a 3D amalandira mafayilowa.

Miyezo ya kuwala

Pali miyezo itatu imene imafunika pomvetsa fayilo ya IES.

Candela ndi muyezo wa mphamvu ya kuwala kolunjika mbali imodzi. Manambala ambiri a mu fayilo ya IES ndi a candela.

Lumen ndi muyezo wa kuwala konse kotuluka mu nyale, kuphatikiza mbali zonse.

Lux ndi muyezo wa kuwala kofika pamalo, monga patebulo kapena pansi. Lux imodzi ndi lumen imodzi pa sikweya mita imodzi. Ku America amagwiritsanso ntchito foot-candle, imene ndi pafupifupi lux 10.76.

Pamalo oyang'anizana ndi nyale, lux imapezeka pogawa candela ndi mtunda wochulukitsidwa ndi mtunda womwewo. Nyale ya candela 1,000 imapereka lux 1,000 pamtunda wa mita imodzi, lux 250 pa mamita 2, ndi lux 62.5 pa mamita 4. Choncho mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mawati sayeza kuwala ayi, amayeza magetsi amene nyale ikudya.

Momwe nyale imayezedwera

Nyale imayezedwa ndi makina otchedwa goniophotometer m'chipinda chamdima chopakidwa utoto wakuda, kuti kuwala kusabwerere kuchokera kumakoma. Makinawo amatembenuza nyaleyo, kapena amazungulitsa kalilole wamkulu mozungulira nyaleyo, ndipo kachida koyezera kamalemba candela pa ngodya iliyonse. Kachidako kamaikidwa patali, nthawi zambiri pamtunda wosachepera utali wa nyaleyo kuchulukitsa kasanu, kuti nyale ionedwe ngati kadontho kamodzi kowala.

Pali njira ziwiri zoyezera. Njira yakale inali ya nyale zosinthidwa mababu: babu linkayezedwa palokha, kenako nyale yonse, ndipo fayilo inkalemba lumen za babulo. Nyale zambiri za LED sizichotsedwa babu, motero zimayezedwa zathunthu. Bungwe la IES linatulutsa chikalata cha LM-79 mu 2008 chofotokoza kayezedwe ka nyale za LED. Mu fayilo ya nyale yoyezedwa yathunthu, pamalo polemba lumen za babu pamalembedwa -1.

Ngodya zimawerengedwa m'njira zitatu zotchedwa Type A, Type B ndi Type C. Type A ndi ya nyale za galimoto, Type B ndi ya nyale zikuluzikulu zowunikira mabwalo ndi makoma a kunja, ndipo Type C ndi ya nyale za m'nyumba ndi za mumsewu. Mafayilo ambiri amene ojambula nyumba amakumana nawo ndi a Type C. M'njira imeneyi madigiri 0 ndi pansi penipeni pa nyale, madigiri 90 ndi cham'mbali, ndipo madigiri 180 ndi kumwamba.

Zimene zili mkati mwa fayilo

Fayilo ya IES ndi ya zilembo ndi manambala okhaokha, ndipo imatseguka ngakhale mu Notepad. Kumayambiriro kumakhala mizere yofotokoza nyale, ndipo mzere uliwonse umayamba ndi mawu ake apadera. TEST ndi nambala ya lipoti la kuyeza, TESTLAB ndi labotale imene inayeza, ISSUEDATE ndi tsiku limene fayilo inatulutsidwa, MANUFAC ndi kampani yopanga nyale, LUMCAT ndi nambala ya nyaleyo m'buku la kampani, ndipo LAMP ndi mtundu wa babu. Kenako pamabwera mzere wa TILT, umene umanena ngati kuwala kwa babu kumasintha nyale ikapendekeka. M'mafayilo ambiri pamalembedwa TILT=NONE, kutanthauza kuti sikusintha.

Manambala amatsatira pambuyo pake. Chitsanzo chongophunzirira cha nyale yaing'ono ya musiling'i ndi ichi:

TILT=NONE
1 -1 1 7 1 1 2 0.1 0.1 0
1 1 8
0 15 30 45 60 75 90
0
1000 760 310 60 12 3 0

Mzere woyamba wa manambala ukunena kuti babu ndi limodzi, nyale inayezedwa yathunthu, candela zonse zichulukitsidwe ndi 1, ngodya zochoka pansi kukwera m'mwamba zilipo 7, ngodya yozungulira ilipo imodzi, kayezedwe ndi ka Type C, utali walembedwa m'mamita, ndipo malo otulukira kuwala ndi mamita 0.1 m'lifupi, mamita 0.1 m'litali, opanda msinkhu. Mu mzere wachiwiri nambala yomaliza ndi mawati, omwe ndi 8. Mzere wachitatu ndi ngodya 7 zija, wachinayi ndi ngodya yozungulira, ndipo womaliza ndi candela za ngodya iliyonse.

Zinthu zingapo zimadziwika pongoyang'ana manambalawa. Ngodya zathera pa 90, kusonyeza kuti nyaleyi siponya kuwala kumwamba. Zikanakhala kuyambira 90 mpaka 180, ikanakhala nyale yowunikira siling'i yokha, ndipo 0 mpaka 180 ikanakhala yowala pansi ndi pamwamba pomwe. Ngodya yozungulira ndi 0 yokha, kusonyeza kuti nyale imawala mofanana kuzungulira konse. Mndandanda wofika pa 90 umatanthauza kuti zigawo zinayi za nyale n'zofanana, wofika pa 180 kuti kumanzere ndi kumanja n'kofanana, ndipo wofika pa 360 kuti mbali iliyonse ili ndi kawalidwe kake. Mafayilo enieni amakhala ndi ngodya zochuluka kwambiri kuposa za m'chitsanzochi.

Kuwerenga chithunzi cha kawalidwe

Malo ambiri osungira mafayilowa amaonetsa chithunzi chozungulira chimene nyale imakhala pakati pake. Mizere yochoka pakati ndi ngodya, ndipo mizere yozungulira ndi candela. Mzere wokhota umene umajambulidwa pamenepo ukatalikirana ndi pakati, ndiye kuti kuwala kwa mbali imeneyo n'kwamphamvu.

Mzere wooneka ngati tsamba lalitali lopyapyala loloza pansi ndi wa nyale younjika kuwala pamalo amodzi. Wooneka ngati lalanje lolendewera ndi wa nyale yomwaza kuwala mofewa, monga nyale zafulati za LED za mu ofesi. Wooneka ngati mapiko a mleme ndi wa nyale yoponya kuwala kwambiri cham'mbali kuposa pansi penipeni, ndipo nyale zotere zimatha kutalikirana popanda kusiya mdima pakati. Wopendekera mbali imodzi ndi wa nyale yowunikira khoma kapena msewu. Pakakhala mizere iwiri ya mitundu yosiyana, umodzi ukusonyeza kawalidwe ka m'litali mwa nyale, winawo ka m'lifupi.

Makampani amalembanso beam angle, imene ndi ngodya ya pakati pa mbali ziwiri pamene kuwala kwatsika kufika theka la mphamvu yake yaikulu. Field angle ndi yotakata kuposa pamenepo chifukwa imafika pamene kuwala kwatsala gawo limodzi mwa magawo 10. M'chitsanzo chija theka la 1,000 ndi 500, ndipo nambala imeneyi ikupezeka pakati pa madigiri 15 ndi 30, cha pa madigiri 24. Choncho beam angle ya nyaleyo ndi pafupifupi madigiri 47.

Komwe mafayilo amapezeka

Gwero lodalirika ndi kampani yopanga nyaleyo. Makampani monga ERCO ndi BEGA a ku Germany, Zumtobel ya ku Austria, iGuzzini ya ku Italy, Acuity Brands ya ku America ndi Signify ya ku Netherlands, imene mpaka 2018 inkatchedwa Philips Lighting, amaika mafayilowa pa intaneti pamodzi ndi tsatanetsatane wa nyale iliyonse, ndipo nthawi zambiri amakhala aulere. Cholinga chawo n'chakuti wojambula pulani akagwiritsa ntchito fayilo yawo, adzalembe nyale yawo pamndandanda wa zogula.

Palinso malo a pa intaneti amene amasonkhanitsa mafayilo a makampani ambiri n'kuika kachithunzi kosonyeza momwe fayilo iliyonse imawalira pakhoma. Malo otere amathandiza kusaka msanga, koma mafayilo ena amakhala a nyale zimene zinasiya kupangidwa. Gulu lachitatu ndi la mafayilo opangidwa pamanja ndi ojambula zithunzi pofuna kukongoletsa chabe. Amenewa sanayezedwe mu labotale iliyonse ndipo palibe nyale yogulitsidwa imene imawala chimodzimodzi. Amazindikirika chifukwa mizere ya MANUFAC ndi TESTLAB imakhala yopanda kanthu kapena mulibe dzina la kampani yodziwika.

Kusankha fayilo

Kusankha kumayamba ndi ntchito ya chithunzicho. Ngati ndi chithunzi chongoonetsa maganizo oyambirira, fayilo iliyonse ya mtundu woyenera imakwanira. Ngati ndi chithunzi chimene mwini nyumba asainire kapena chimene chitsogolere kugula nyale, pamafunika fayilo ya nyale yeniyeniyo, ndipo nambala ya pa LUMCAT iyenera kufanana ndi ya pamndandanda wa zogula. Nyale imodzi imatha kukhala ndi mafayilo ambirimbiri chifukwa imagulitsidwa ndi ngodya, mawati ndi magalasi osiyanasiyana, ndipo kusiyana kwake kumakhala pa zilembo zochepa za kumapeto kwa nambalayo.

Chachiwiri ndi mtundu wa nyale. Nyale ya musiling'i yoloza pansi, nyale yolendewera, nyale ya pakhoma yowala pansi ndi pamwamba, nyale yowunikira khoma lonse ndi nyale ya mumsewu zili ndi kawalidwe kosiyana kotheratu. Fayilo ya nyale ya mumsewu ikaikidwa m'chipinda chochezera, kuwala kumatuluka kopendekera ndi kothobwa m'maso. Nyale za panja zimagawidwanso m'magulu asanu, Type I mpaka Type V, molingana ndi momwe kuwala kumayalikira pansi. Type V imawala mofanana kuzungulira konse ndipo imayenera pakati pa malo oimika magalimoto, pamene Type II ndi Type III zimaponya kuwala kutsogolo ndi m'litali mwa msewu.

Chachitatu ndi ngodya poyerekeza ndi msinkhu wa siling'i. Pamtunda wa mamita 2.5, nyale ya madigiri 15 imaunika malo ozungulira otakata pafupifupi mamita 0.66, ya madigiri 36 mamita 1.6, ndipo ya madigiri 60 mamita 2.9. Ngodya yaing'ono imayenera poonetsa chithunzi cha pakhoma, chosema kapena katundu wa m'sitolo, komanso pa siling'i yaitali. Ngodya yaikulu imayenera powunikira chipinda chonse cha siling'i yaifupi.

Chachinayi ndi kuchuluka kwa kuwala. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 12464-1 umafuna lux 500 patebulo lolemberapo ndi kuwerengera mu ofesi, ndi lux 100 m'makonde oyendamo. Nyale ya m'chitsanzo chija ikaikidwa pa siling'i ya mamita 2.8 pamwamba pa tebulo la mamita 0.8, mtunda ndi mamita 2, ndipo pakati pa tebulo pamafika lux 250 zokha. Malo owala bwino amakhala otakata pafupifupi mamita 1.8. Izi zikusonyeza kuti nyale imodzi yotere siyokwanira pa tebulo la mu ofesi, ngakhale chithunzi chitaoneka chowala chifukwa cha momwe kamera ya mu pulogalamu yatchereredwa.

Chomaliza ndi kawalidwe ka pakhoma. Nyale yoloza pansi ikakhala pafupi ndi khoma imajambula kuwala kooneka ngati chulu, ndipo zina zimatulutsa mizere iwiri kapena itatu yosanjikizana. Ojambula zithunzi ambiri amakonda maonekedwe amenewa chifukwa amachititsa chithunzi kuoneka ngati chenicheni. Komabe akatswiri a zowunikira nthawi zambiri amafuna khoma lowala mosalala kuyambira pamwamba mpaka pansi, makamaka m'nyumba zoonetsera zithunzi. Pamenepo pamafunika nyale yowunikira khoma, imene kawirikawiri imaikidwa motalikirana ndi khomalo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake.

Kugwiritsa ntchito mu mapulogalamu

Mu 3ds Max fayilo imaikidwa pa nyale za photometric, mu V-Ray pa VRayIES, mu Blender pa IES Texture ya Cycles, ndipo mu Unreal Engine pa IES profile ya nyale. Revit, Corona, Arnold, Enscape ndi Lumion nawonso amawerenga mafayilowa. Pofuna manambala enieni a lux oti aperekedwe kwa injiniya, pamagwiritsidwa ntchito mapulogalamu owerengetsera monga DIALux ya ku Germany, Relux ya ku Switzerland ndi AGi32 ya ku America.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi:

Kuika nyale mkati mwa chigoba cha 3D cha nyaleyo. Fayilo inawerengera kale chigoba, galasi ndi chonyezimiritsa, choncho chigoba cha 3D chimatchinga kuwala kachiwiri. Nyale iyenera kukhala kunsi pang'ono kwa malo otulukira kuwala.

Kulakwitsa muyezo wa nyumba. Ngati chipinda cha mamita 4 chawerengedwa ngati masentimita 4 kapena mamita 400, chithunzi chimayera mbuu kapena kuda bii chifukwa kuwala kumadalira mtunda.

Kusatembenuza nyale yopendekera mbali imodzi. Nyale yowunikira khoma ikayang'ana kolakwika imaunika pakati pa chipinda.

Kukweza mphamvu ya nyale pofuna kuwalitsa chithunzi. Zikatero lumen za mu fayilo zimataya tanthauzo. Choyenera kusintha ndi kamera, osati nyale.

Zimene fayilo siisunga

Manambala a mu fayilo ya LM-63 sanena mtundu wa kuwala. Kufiirira kapena kuyera kwa kuwala kumayezedwa mu kelvin ndipo kumalowetsedwa pamanja kuchokera pa pepala la kampani. Kuwala kwa 2700 K ndi 3000 K n'kofiirira ngati kwa mababu akale, kwa 4000 K n'koyera ndipo n'kofala m'maofesi, pamene kwa 6500 K n'koyera mopita ku buluu. Fayilo siisunganso maonekedwe a nyale yeniyeniyo kupatula utali, ulifupi ndi msinkhu wa malo owala, motero chigoba chimajambulidwa padera.

Vuto lina limachokera pa kayezedwe kapatali kaja. Popeza nyale imaonedwa ngati kadontho, fayilo silondola bwino pamalo oyandikana kwambiri ndi nyale yaitali. Nyale ya mamita 1.2 yobisidwa masentimita 10 kuchokera kukhoma imaoneka mu chithunzi ngati kuwala konse kukuchokera pakati pake. Ojambula amathetsa vutoli poigawa kukhala nyale zing'onozing'ono zondondozana kapena pogwiritsa ntchito nyale yafulati ya mu pulogalamu. Komanso miyezo ya mu fayilo ndi ya nyale yatsopano ndi yoyera. Pakapita zaka kuwala kumachepa chifukwa cha fumbi ndi kukalamba kwa LED, n'chifukwa chake mainjiniya amachotserako pang'ono powerengetsera.

Mitundu ina ya mafayilo

Ku Ulaya kofala kwambiri ndi kalembedwe ka EULUMDAT, kamene Axel Stockmar wa ku Germany anakayambitsa mu 1990, ndipo mafayilo ake amathera ndi .ldt. Makampani ambiri amapereka mafayilo onse awiri, ndipo pali mapulogalamu osinthira .ldt kukhala .ies. Ku Britain kunali kalembedwe ka CIBSE TM14. Mu 2018 bungwe la IES linatulutsa TM-33, kalembedwe ka XML kamene kamatha kusunganso miyezo ya mtundu wa kuwala. Makampani a DIAL ndi Relux anapanganso GLDF, imene imaphatikiza miyezo ya kuwala, chigoba cha 3D ndi tsatanetsatane wa malonda mu fayilo imodzi. Ngakhale zili choncho, m'mapulogalamu opangira zithunzi za nyumba fayilo ya .ies ndiyo ikadali yofala kuposa ena onse.